Chitseko cha a Langer: Khirisimasi ya 1944 m'nkhalango ya Ardennes

Disembala akalowa, nkhani m'makomo mwathu imakhala ya feteleza, ya fizi ya Januwale ndi ya nkhuku ya pa Khirisimasi. Lero, owerenga anga, ndikupempheni kuti tiziike kaye pambali zimenezo, tipite ku Ulaya m'chaka cha 1944, kudera la mapiri ndi nkhalango lotchedwa Ardennes, kum'mawa kwa Belgium ndi kumpoto kwa Luxembourg. Kumeneko n'kumene Adolf Hitler anaponya mphamvu zake zomaliza pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mabuku a Chingerezi amaitchula nkhondoyi kuti Battle of the Bulge, ndipo amakonda kuwerenga akasinja, mizinga ndi mayina a akazembe. Ine ndikufuna tiyang'ane pa zitseko za nyumba, chifukwa nkhondo imeneyi inamenyedwera m'mabwalo a anthu wamba, pafupi ndi makola awo a ng'ombe, sabata imodzi Khirisimasi isanafike.

Tiyambe ndi mmene zinthu zinalili. Pofika Seputembala 1944, asilikali a America, Britain ndi anzawo anali atathamangitsa asilikali a Germany m'mbali yaikulu ya France ndi Belgium. Mzinda wa Brussels unamasulidwa pa 3 Seputembala, anthu n'kuvina m'misewu. Kum'mawa nako asilikali a Soviet Union anali atafika m'mphepete mwa mtsinje wa Vistula ku Poland. Aliyense wodziwa kuwerenga mapu ankaona kuti Germany yagonja kale, chatsala n'kuvomereza basi.

Hitler sankafuna kumva zimenezo. Anakonza zosonkhanitsa mwachinsinsi asilikali ndi akasinja onse amene akanawapeza, aboole pamalo pamene adani ake anali ochepa, awoloke mtsinje wa Meuse, n'kukalanda doko la Antwerp, pa mtunda wa makilomita oposa 150. Dokoli linali litangoyamba kumene, kumapeto kwa Novembala, kulandira sitima zonyamula chakudya, mafuta ndi zipolopolo za asilikali a America ndi Britain. Iye ankaganiza kuti akalanda dokolo n'kuwagawa pakati adani akewo, iwo ayambana okhaokha ndipo apempha zokambirana.

Akazembe ake, Gerd von Rundstedt ndi Walter Model, anaona kuti ulendowo ngwautali kuposa miyendo yawo, ndipo anapempha kuti cholinga chichepeko. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma chichokereni pa 20 Julayi chaka chomwecho, pamene akuluakulu ena a asilikali ake anamutchera bomba, Hitler sankakhulupiriranso malangizo a akazembe. Ngakhale mafuta a akasinja sanali okwanira ulendo wonse. Ankadalira kuti ena akalanda m'nkhokwe za adani m'njira. Tangoganizani munthu wonyamuka ulendo wautali ndi mafuta a theka la njira, n'kumati otsalawo ndikaba kutsogolo.

Loweruka pa 16 Disembala, cha m'ma 5:30 m'bandakucha, mizinga inayamba kulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Asilikali a Germany oposa 200,000 anatuluka m'nkhalango n'kugwera asilikali a America pafupifupi 80,000. Ena mwa Aamerikawo anali anyamata ongofika kumene, oti sanaonepo nkhondo, ndipo ena anali atatumizidwa kumeneko kuti akapume, poti dera limeneli linkaoneka la phee. Kunja kunali chifunga chadzaoneni moti ndege za America ndi Britain sizinathe kuuluka kwa sabata yathunthu, ndipo Hitler anali atadikira dala nyengo yotereyi. M'masiku ochepa mzere wa nkhondo pa mapu unapindika n'kuoneka ngati chotupa choloza kumadzulo. Dzina la Chingerezi lija linachokera pa chotupa chimenechi.

Tsopano m'kati mwa chotupacho munali midzi, ndipo m'midzimo munali anthu amene miyezi itatu yokha m'mbuyomo anali atauzidwa kuti amasulidwa. Ena anathawa wapansi m'chisanu, katundu pangolo, ana kumsana. Ambiri anatsikira m'zipinda zapansi pa nyumba zawo, mosungira mbatata ndi malasha, n'kukhala mmenemo masabata. Ku Stavelot ndi midzi yozungulira, asilikali a gulu la SS anapha anthu wamba oposa 100, amayi ndi ana omwe. Ku Bande anapha amuna 34 pa nyengo ya Khirisimasi. Tawuni ya Malmedy inaphulitsidwa molakwika ndi ndege za America masiku atatu otsatizana, pa 23, 24 ndi 25 Disembala, ngakhale munali asilikali a America omwewo, ndipo anthu wamba pafupifupi 200 anafa. Matawuni a St. Vith ndi Houffalize anasanduka mabwinja. Onse pamodzi, anthu wamba amene anafa ku Belgium ndi Luxembourg m'masabata asanu ndi limodziwo anali pafupifupi 3,000. Paja njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzuwo sufunsidwa kuti uli mbali iti.

Pakati pa zonsezi pali nyumba imodzi imene ndikufuna tiimepo.

Gulu la asilikali a America panthawiyo linali losankhana mitundu. Asilikali akuda ankakhala m'magulu awoawo, nthawi zambiri olamulidwa ndi azungu. Limodzi mwa magulu amenewa linali la oombera mizinga la nambala 333, lomwe linali pafupi ndi mudzi wa Schönberg, kufupi kwambiri ndi malire a Germany. Pa 17 Disembala malo awo analandidwa. Ena anaphedwa, ambiri anagwidwa, koma anyamata 11 anazemba n'kulowa m'nkhalango. Atayenda maola angapo m'chisanu, onyowa ndi anjala, anatulukira pa kamudzi ka nyumba zochepa kotchedwa Wereth, n'kufika pakhomo pa mlimi wina, bambo Mathias Langer, ndi akazi awo a Maria.

Kuti timvetse kulemera kwa zimene a Langer anachita, tidziwe kaye mudzi wawo. Dera limenelo linali mbali ya Germany mpaka nkhondo yoyamba itatha, kenako linapatsidwa kwa Belgium, ndiye mu 1940 Hitler analitenganso. Anthu ake ankalankhula Chijeremani. Mabanja ambiri anali ndi ana kapena amuna m'gulu lankhondo la Germany, ena mokakamizidwa, ena mwa kufuna kwawo. M'mudzi wotero sudziwa kuti mnansi wako mtima wake uli kuti, ndipo chilichonse cholowa pakhomo pako chimaonedwa ndi maso a pawindo la nyumba ina. A Langer ankadziwa zonsezi. Ankamvanso akasinja a Germany akudutsa m'misewu yapafupi. Anali ndi ana m'nyumbamo. Komabe anatsegula chitseko, n'kuwalowetsa alendowo pofunda, n'kuwapatsa buledi.

Sipanapite nthawi yaitali. Munthu wina wa m'mudzi momwemo anakatsina khutu asilikali a SS, ndipo chakumadzulo galimoto yawo inaima pakhomo. Anyamata 11 aja anatuluka manja ali m'mwamba. Anawakhazika panja pozizira, ndipo kutayamba kuda anawathamangitsa mumsewu kutsogolo kwa galimoto mpaka pa ngodya ya busa la ng'ombe, kunja kwa mudzi. Kumeneko anawazunza n'kuwapha onse. Mitembo yawo inakwiririka ndi chipale chofewa mpaka mu Febuluwale 1945, pamene anthu a m'mudzimo anakaonetsa asilikali a America malowo. Tsiku lomwelo la 17 Disembala, pa mphambano ya Baugnez pafupi ndi Malmedy, asilikali a SS anaphanso akaidi 84 a ku America. Nkhani ya ku Malmedy inamveka dziko lonse ndipo nkhondo itatha panali mlandu waukulu. Ya ku Wereth inafufuzidwa pang'ono, osapezeka wolakwa, fayilo n'kutsekedwa. Palibe anaimbidwapo mlandu.

Ndikudziwa funso limene ena mwa inu muli nalo, chifukwa nanenso limandivuta. Nanga buledi uja anathandiza chiyani? Alendowo anafabe tsiku lomwelo, ndipo banja lonse likanatha kuphedwa chifukwa cha iwo. Lisungeni kaye funsolo, tipite ku Bastogne, makilomita makumi angapo kum'mwera chakumadzulo, tikaone chitseko china.

Bastogne ndi tawuni yaing'ono, koma misewu ikuluikulu isanu ndi iwiri imakumana pamenepo. M'dera la mapiri, m'nyengo ya chisanu, akasinja sangayende patali popanda msewu, choncho mbali zonse ziwiri zinkaifuna tawuniyi. Asilikali a America a gulu la 101st Airborne anathamangitsidwira kumeneko pa malole, ena opanda ngakhale zovala za chisanu, ndipo pofika pa 21 Disembala anali atazingidwa mbali zonse. Otsala a gulu la 333 lija analinso momwemo, akuomba mizinga pamodzi ndi gulu lina la asilikali akuda la nambala 969. Pa 22 Disembala Ajeremani anatumiza kalata yowauza kuti agonje. Mkulu wawo, Anthony McAuliffe, anayankha ndi liwu limodzi lokha, "Nuts!", lomwe kwathu kuno tinganene kuti "Zamisala!" Yankho limeneli ndi lotchuka, ndipo amene anaonerapo mafilimu a nkhondoyi amalidziwa.

Chosatchuka kwenikweni ndi chakuti m'tawunimo munali anamwino awiri amene anangobwera kudzadya Khirisimasi ndi makolo awo. Mmodzi anali Renée Lemaire, wa zaka 30, amene ankagwira ntchito ku Brussels. Winayo anali Augusta Chiwy, wa zaka 23, mwana wa ku Africa kuno. Anabadwa mu 1921 m'dera limene lero ndi Burundi, bambo ake dokotala wa ziweto wa ku Belgium, mayi ake a ku Congo. Anapita ku Belgium ali ndi zaka 9, n'kuphunzira unamwino, ndipo ankagwira ntchito ku Leuven. Anafika kwawo ku Bastogne pa 16 Disembala, tsiku lenileni limene mizinga inayamba.

Dokotala wa asilikali a America, John Prior, anali ndi ovulala ochuluka atagona pansi m'nyumba imene anaisandutsa chipatala, mankhwala atatsala pang'ono kutha, anthu omuthandiza osakwana. Anapempha anamwino awiriwa, ndipo onse anavomera, ngakhale akanatha kukhala m'chipinda chapansi ndi abale awo. Kwa Augusta panali vuto lina. Malamulo a gulu lankhondo la America sankalola namwino wakuda kusamalira msilikali wachizungu, ndipo ovulala ena ankakana kuti awagwire. Prior anawauza poyera kuti wokana thandizo la namwinoyu alibenso kwina kolipeza. Augusta anapitiriza kutsuka mabala ndi kumanga mabandeji, ndipo ankapita nawo kukatola ovulala kumene zipolopolo zinkagwa.

Usiku wa pa 24 Disembala ndege za Germany zinaponya mabomba pa Bastogne, limodzi n'kugwera pachipatala paja. Renée Lemaire anafa pamodzi ndi ovulala pafupifupi 30. Prior anakulunga thupi lake m'nsalu yoyera ya parachuti, imene mtsikanayo ankafuna kudzasokera diresi la ukwati, n'kukalipereka kwa makolo ake. Augusta anali m'nyumba yoyandikana nayo. Mphamvu ya bombalo inamuponya, koma anapulumuka, ndipo anapitiriza ntchito mpaka tawuniyo itamasulidwa.

Panthawiyi n'kuti ulendo wa Hitler utayamba kale kutsamwa. Pa 23 Disembala kunja kunayera, ndege za America ndi Britain n'kudzaza mlengalenga, zina kuponyera a ku Bastogne chakudya ndi mankhwala, zina kuphwanya malole a mafuta a Germany. Akasinja amene anafika patali kuposa onse anaima pafupi ndi mudzi wa Celles, makilomita ochepa kuti afike pa mtsinje wa Meuse, mafuta atawathera. Mtsinjewo sanauwoloke, ndipo Antwerp sanamuone n'komwe. Pa 26 Disembala akasinja a kazembe George Patton anaboola kuchokera kum'mwera n'kufika ku Bastogne. Komabe nkhondo inapitirira mwezi wina wathunthu m'chisanu choopsa, asilikali ambiri n'kuola mapazi m'maenje momwe ankabisala. Pa 16 Januwale 1945 magulu a America ochokera kumpoto ndi kum'mwera anakumana ku Houffalize, ndipo pofika pa 25 Januwale chotupa chija chinali chitaphwa.

Asilikali a America amene anafa anali pafupifupi 19,000, ndipo iyi ndi nkhondo imene inawapha kwambiri pa nkhondo zonse zimene anamenya ku Ulaya m'zaka zimenezo. Germany inataya amuna masauzande makumimakumi, ndi akasinja oti sikanathanso kupanga ena olowa m'malo. Pa 12 Januwale asilikali a Soviet Union anayamba kuukira kuchokera ku Vistula, ndipo m'masabata atatu okha anafika pa mtsinje wa Oder, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Berlin. Mphamvu zimene zikanawachedwetsa zinali zitathera m'nkhalango ya Ardennes. Hitler anadzipha pa 30 Epulo, ndipo Germany inagonja pa 8 Meyi. Anthu onse aja, a ku Stavelot, a ku Bande, a ku Wereth, anafera nkhondo imene mapeto ake ankadziwika kale, chifukwa cha munthu mmodzi wokana kuvomereza kuti zake zada.

Tibwerere tsopano ku funso lathu lija. M'nyumba ya a Langer tsiku lija munali mnyamata wa zaka 12, dzina lake Hermann. Anaona bambo ake akutsegula chitseko. Anaona alendo akudya. Anaonanso akutengedwa. Anakula, nkhani ya anyamata 11 aja osalembedwa pa chipilala chilichonse, koma iye sanaiwale. Mu 1994, patatha zaka 50, Hermann Langer anaimika mtanda waung'ono pa ngodya ya busa lija, ndi mayina awo onse. Kuchokera pamenepo anthu ena anayamba kufunsa, abale a malemuwo ku America anayamba kudziwa mmene ana awo anafera, ndipo mu 2004 pamalopo anatsegulirapo chikumbutso chachikulu cholemekeza asilikali akuda onse amene anamenya nkhondo ku Ulaya. Asanu ndi awiri mwa anyamatawo anagona kumanda a asilikali a America ku Henri-Chapelle, ku Belgium komweko.

Mayi Chiwy nawo anakhala chete zaka zoposa 60. Anakwatiwa, anabereka ana awiri, anapitiriza unamwino, za ku Bastogne osazikamba kawirikawiri. Dzina la Renée Lemaire linkakumbukiridwa, lawo ayi. Wolemba mbiri wina wa ku Britain, Martin King, ndiye anawafunafuna mpaka kuwapeza kunyumba yosungira okalamba pafupi ndi Brussels. Mu 2011, ali ndi zaka 90, dziko la Belgium linawapatsa ulemu wa Order of the Crown, ndipo gulu lankhondo la America, lomwe lija linkawaletsa kugwira asilikali ake, linawapatsanso mendulo yothokoza. Anamwalira pa 23 Ogasiti 2015 ndipo anaikidwa ku Bastogne.

Ndiye ine yankho langa ndi ili. Buledi wa a Langer sanapulumutse moyo wa munthu, zimenezo n'zoona, ndipo sindifuna kuzikometsera. Koma anyamata aja, m'maola awo omaliza, kutali ndi kwawo, m'dziko la chilankhulo chachilendo, analandiridwa ngati anthu. Ndipo mwana amene anaona zimenezo ndi amene anasunga mayina awo pamene maofesi akuluakulu anatseka mafayilo. Chikhala kuti bambo Langer anakana kutsegula, Hermann akanaphunzira phunziro lina tsiku limenelo, ndipo palibe akanamudzudzula bamboyo, poti mantha ake akanakhala omveka. Ana athu sasunga kwenikweni zimene timawalangiza pa mkeka madzulo. Amasunga zimene anationa tikuchita pakhomo tsiku limene kuchita chabwino kunali kodula.

Sindikunena kuti kholo liziika ana ake pangozi mwachisawawa. Nkhani ya ku Wereth ndi yolemera chifukwa mbali zonse ziwiri za sikelo panali miyoyo, ndipo ine sindingalumbire kuti ndikanachita ngati a Langer. Ambirife, Mulungu atithandize, sitidzakumana ndi mayeso aakulu chotero. Athu amakhala aang'ono: wothawa kwawo wogogoda usiku madzi atasefukira, mwana wamasiye wa mnansi amene mudzi wonse ukumunena, wodwala amene anthu akuopa kumuyandikira, mlendo wa mtundu wina amene anzathu akuti achoke. Pamenepo napo pamakhala maso a mnansi pawindo, ndi maso a mwana kumbuyo kwathu.

Pomaliza, nkhondo imeneyi isaoneke ngati ya azungu okhaokha. M'miyezi yomweyo ya kumapeto kwa 1944, agogo athu ochokera ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anali ku Burma, m'gulu la 11th East African Division, akulimbana ndi asilikali a Japan m'matope ndi malungo a m'chigwa cha Kabaw, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala. Ambiri a iwo anabwerako n'kukhala chete ngati Mayi Chiwy, ndipo lero pafupifupi onse anatisiya. Koma ana awo alipo, ndipo m'masutikesi ena akale mudakali mendulo, zithunzi ndi makalata. Pa Khirisimasi ino banja likasonkhana, mpunga utapsa, funsani achikulire kuti kwanu ndani anapita ku nkhondo, anapita kuti, anabwerako kapena ayi. Mutume mwana mmodzi atenge kope ndi cholembera, alembe mayinawo.